Galimoto zakale zisathere pasikelo

Magazini ina ya anthu okonda galimoto zakale yautsa mapiri pachigwa kuno ku Salima. Si yosindikizidwa m'dziko muno. Inabwera m'chikwama cha mnyamata wina wochokera ku Joni, koma masamba ake anajambulidwa pafoni ndipo tsopano akuzungulira m'magulu a WhatsApp a madalaivala, amakaniko ndi aphunzitsi opuma pantchito. M'kope limeneli muli Peugeot 404 ya pikapu, Land Rover yakale ija ya nyali zoyandikana pakati, ndi Datsun 120Y, zonse zonyezimira, zopanda ndi kachipsera komwe. Chautsa mkangano n'chakuti galimoto zimenezi si zachilendo kwa ife. Zinzake zili kuseri kwa nyumba zathu, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ena ataona zithunzizo angoseka kuti azungu asowa chochita ndi ndalama. Ena ayamba kufunsa komwe angagulitse chiphapha chomwe anasiya malemu bambo awo. Enanso akuti zonsezi n'zinyalala, zidulidwe zikakwere sikelo ya ogula zitsulo, pakhomo payere. Ine mbali yanga ndi iyi: galimoto zakale zomwe zatsala m'makomo, m'mamishoni ndi m'magalaja mwathu tizisunge, ndipo zomwe zingathe kudzuka tizidzutse konkuno kuti ziziyenda. Sindikunena kuti ziwale ngati za m'magaziniyo ayi. Ndikunena kuti zisathere pasikelo, chifukwa m'menemo muli mbiri ya ntchito yathu komanso luso lomwe tikulifunabe mpaka lero.

Tiyambe takumbutsana kaye kuti galimotozi zinali chiyani kuno kunyanja. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo sitima inkathera pompano kufikira 1979 pomwe njanjiyo inapitirira mpaka ku Lilongwe. Kwa zaka zoposa 40, katundu wambiri wopita ku Lilongwe ndi maboma ozungulira ankatsitsidwa pasiteshoni ya Salima n'kukwera malole, ndipo fodya wochokera kumtunda ankatsika msewu womwewo kudzakwera sitima. Tauni yathuyi inakula ndi phokoso la injini za Bedford. Thonje lopita kumsika, mpunga wa ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota, chambo ndi usipa wa ku Senga Bay ndi ku Chia, mayi woyembekezera wothamangira kuchipatala cha mishoni pakati pa usiku, zonsezi zinkayenda pa galimoto zomwe lero tikuzitcha zinyalala, pamisewu yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja, Linthipe ndi Bua atadzaza. Ndipo sikuti zinkalimba mwangozi. Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, n'kupambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991 chifukwa misewu ya mu Africa inali itaivomereza. Mng'ono wake 504, ya mu 1968, anaipangabe ku Kenya komweko mpaka 2004. Land Rover inayamba mu 1948 ndi thupi la aluminiyamu losagwira dzimbiri, n'chifukwa chake mpaka lero mumaipeza pansi pa mtengo wa mango zitseko zili bwinobwino ngakhale pansi padatha kalekale.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya umphawi, ndipo si yoipeputsa. Iwo akuti m'dziko lomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lomwe anthu amagona pamzere wa mafuta ndipo thumba la feteleza lasanduka loto kwa mlimi wamba, kukamba zodzutsa galimoto ya m'ma 1970 n'chipongwe kwa anthu anjala. Akuti amenewo ndi masewera a anthu okhuta, oyenera maiko omwe anathana kale ndi nkhani ya chakudya. N'zoona kuti munthu wosiya ana akugona ndi njala n'kumakagula penti ya galimoto yosayenda ndi wosokonekera mutu, ndipo ine sindikupempha ngakhale tambala ya boma pankhaniyi. Komabe otsutsawa akusakaniza zinthu ziwiri. Kudzutsa galimoto kumafuna ndalama, koma kuisunga kumangofuna kachisakasa ka udzu, njerwa zoikhazikapo kuti matayala asagwire pansi, ndi oilo pang'ono wothira m'mabowo a mapulagi kuti injini isagwirane. Zimenezi sizilanda mwana nsima. Kuonjezera apo, taonani komwe ndalama imapita galimoto yakale ikamadzutsidwa. Imapita kwa wowotcherera wa pa Kamuzu Road, kwa wosoka mipando, kwa wopenta, kwa mkulu wodziwa kukulunga mawaya a sitata. Yerekezani ndi Sienta kapena Probox yomwe taitanitsa ku Japan: mtengo wake, ulendo wake wa panyanja mpaka ku Dar es Salaam, zonse zimatuluka m'madola omwe tikuwalirawo. Sindikunyoza Probox, yatithandiza kwabasi. Ndikungoti amene akudandaula za ndalama zakunja asaloze chala 404 yomwe inalipiridwa kale agogo athu ali anyamata.

Mfundo yachiwiri ndi ya ufulu wa mwini. Akuti mayi wamasiye amene amuna ake anamusiyira chiphapha ali ndi ufulu wochigulitsa kwa aliyense, ndipo wolemba ndemanga alibe gawo pa katundu wa eni. Apa palibe chokana, chinthu n'chake. Koma ufulu wogulitsa umakoma wogulitsayo akamadziwa chomwe akugulitsa. Wogula zitsulo safunsa kuti iyi ndi galimoto yanji. Kwa iye giyabokosi ya Land Rover ndi khasu lothyoka n'chimodzimodzi, zonse amaziyeza makilogalamu. Amabweranso nthawi yoidziwa, Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitauma, pomwe munthu sangathe kunenerera mtengo. Ndalama yake imatha sabata isanathe, ndipo chomwe chadulidwa ndi gasi sichilumikizikanso. Chonsecho nyali, magalasi, chiwongolero, zizindikiro za kutsogolo ndi difu ya galimoto yomweyo, zitagulitsidwa pachokhapachokha kwa munthu amene akudzutsa inzake, zingabweretse ndalama yoposa ya chiphapha chonse pasikelo. Apa ndi pomwe magazini ija yatithandiza, ngakhale eni ake sankaganiza za ife poilemba: yatsegula anthu maso kuti kunja kuno kuli ofuna zinthuzi. Chomwe ndikuopa n'chakuti maso atseguka mbali imodzi. Ambiri akungoganiza zopeza wogula wakunja woti aikweze palole n'kudutsa nayo pa Mwanza kapena pa Dedza. Kuteroko n'kwabwinoko kusiyana ndi sikelo, chifukwa galimotoyo ikhala ndi moyo, koma kuno siidzabwereranso. Choncho wofuna kugulitsa ayambe wafunsa kwawo konkuno, kwa amakaniko, kusukulu za ntchito zamanja, kwa eni malo ogona alendo kunyanja, asanathamangire mlendo.

Mfundo yachitatu ndi yomwe ili yolimba kuposa zonse, ndipo ndikhalapo pang'ono. Ndi ya chitetezo. Otsutsa akuti galimoto zakale n'zakupha. Zambiri zilibe malamba, zilibe matumba a mpweya aja ofufuma pangozi, mabuleki ake ndi a dramu, ndipo pa zina paipi imodzi ya mabuleki ikaphulika mawilo onse anayi amasiya kugwira nthawi imodzi. Lamba wa mfundo zitatu yemwe timamanga lero anayamba ndi Volvo mu 1959, ndipo panatenga zaka kuti opanga ena amuike m'galimoto zonse. Tsono ganizirani galimoto yotere pa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota, pomwe mumakumana ndi njinga zamakala, akabaza, mbuzi, ana asukulu ndi malole a shuga ochokera ku Dwangwa. Zonsezi n'zoona ndipo wokana ndi wabodza. Koma tiyeni tifunse kuti galimoto yakale imapha liti. Imapha ikasanduka matola, itanyamula anthu khumi ndi asanu kumbuyo pamwamba pa matumba a mpunga, matayala ali osalala, dalaivala akupopa mabuleki katatu asanaime. Zimenezo ine sindikuziteteza, ndipo galimoto ya chaka chatha itachitidwa zomwezo ingaphenso anthu. Chomwe ndikunena n'chakuti galimoto yodzutsidwa isanyamule anthu olipira pamsewu waukulu. Iyende masana, mitunda yaifupi, pa liwiro lake, itamangidwa malamba, mapaipi a mabuleki ali atsopano, ili ndi inshuwalansi ndi chiphaso cha COF chopezeka galimotoyo itayesedwadi, osati chogulira pakhonde. Ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 saikakamiza kukayesedwa chaka ndi chaka ndipo siilipira msonkho wa pamsewu. Okonda galimoto ena kuno atawerenga zimenezi ayamba kunena kuti nafenso tichite chomwecho. Pamenepo ndasiyana nawo. Misewu yathu si ya ku Britain, ndipo chikhululukiro chotere kuno chingakhale khomo lolowera matola onse okutha.

Za utsi ndiyankha mwachidule. Galimoto yotuluka kawiri pamwezi kupita kuukwati kapena kumunda singafanane ndi minibasi yofuka yomwe imapita ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lililonse. Wofuna mpweya wabwino ayambire kumeneko.

Pali nkhani ina ya mafuta yomwe inandisangalatsa m'makalata a owerenga a m'magaziniyo. Eni galimoto zakale kunjako akudandaula kuti petulo wamakono akuwononga injini zawo. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba, petulo wakale ankathiramo mtovu womwe unkateteza pomwe mavalavu amakhala, ndipo mtovuwo unachotsedwa chifukwa ndi poizoni, makamaka kwa ana. M'maiko a kum'mwera kwa Sahara petulo wotere anasiya kugulitsidwa pofika 2006. Injini za hedi yachitsulo, ngati za Land Rover zakale, zimafuna kuikidwa timphete tolimba kuti mavalavu asadye hediyo. Lachiwiri ndi ethanol, yemwe amadya mapaipi akale a labala ndi tizipangizo tina ta m'kabureta, ndipo paipi ya petulo ikang'aluka pafupi ndi injini yotentha, moto suchedwa. Ku Britain petulo wa E10, wokhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, anangokhala wamba mu 2021, n'chifukwa chake akulira lero. Koma ife kuno takhala tikusakaniza ethanol ndi petulo kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, m'boma loyandikana nafe la Nkhotakota, yogwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Ndiye kuti vuto lomwe azungu akulembera makalata lero, makaniko wa ku Nkhotakota analimbana nalo zaka 40 zapitazo ndipo anapeza njira zake. Funso n'lakuti, njira zimenezo anaphunzitsa ndani, nanga adzaphunzitsira pachiyani ngati galimoto zonse zotere tazidula?

Funso limeneli likutifikitsa pachifukwa chomwe ine ndimachiona chachikulu. Galimoto yakale ndi sukulu. Mukatsegula boneti ya 404 kapena Datsun, chilichonse chili poyera. Mnyamata amaona petulo akuchoka m'thanki, pampu ikumukoka, kabureta ikumusakaniza ndi mpweya, mapointi akutseguka, moto ukufika papulagi. Akalakwitsa taimingi injini imamuuza yokha ndi kulira kwake, ndipo amaphunzira kumva ndi khutu chomwe chavuta. Galimoto zamakono zimabisa zonsezi m'kabokosi ka kompyuta. Ikadwala mumalumikiza makina, makinawo amatchula sensa yomwe yafa, mumagula ina n'kuikapo. Otsutsa akuti, ndiye bwanji? Dziko likupita kumeneko, kukubwera ma hybrid ndi zamagetsi, ana athu aphunzire zamawa osati zadzulo. Aphunziredi zamawa, ndipo sukulu zathu za ntchito zamanja zikufunika makina amakono mwachangu. Koma amene akuti luso la kabureta linatha sanayende m'madoko a ku Senga Bay kapena ku Chia. Injini za maboti a asodzi, njinga zamoto za akabaza, majenereta a m'magolosale, mapampu othirira mbewu m'madimba, zochuluka mwa izi zimayendera kabureta ndi pulagi, ndipo dizilo ya m'chigayo ilibe kompyuta. Zikafa pa Lifuwu kapena pa Benga palibe wobwera ndi laputopu. Pamafunika munthu womvetsa chifukwa chomwe injini imalirira. Komanso mnyamata amene anayamba ndi injini yoonekera poyera, akadzagwira makina opimira aja amamvetsa chomwe makinawo akunena, sangosintha masipeya mwachimbulimbuli mpaka mwini galimoto atatha m'thumba. Tonse timawadziwa amakaniko a mtundu wachiwiriwu.

Mfundo yachinayi imachokera kwa anthu ophunzira. Akuti iyi ndi mbiri ya azungu, si yathu. Land Rover inali galimoto ya bwanamkubwa ndi apolisi a atsamunda, Peugeot ndi ya Afalansa, ndiye tikamazisunga tikutamanda otipondereza. Ngati tikufuna kusunga mbiri, akutero, tisunge bwato, ng'oma ndi nkhokwe. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, ndipo bwato lisungidwedi. Komabe chinthu chimakhala cha amene anachigwiritsa ntchito n'kuchisamala, osati cha amene anachipanga yekha. Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Pitani ku Nkhotakota kapena ku Likoma mukauze anthu kuti Ilala si yawo, mukaone chomwe akakuyankheni. Chimodzimodzi galimotozi. Inde zina zinabwera ndi atsamunda, koma zambiri zomwe zatsala ndi za nthawi ya ufulu, zogulidwa ndi ndalama za thonje, za nsomba, za ku migodi ya ku Joni. Amene anaziyendetsa, kuzikankha pamatope ndi kugona pansi pake ndi sipana anali Amalawi. Kunyumba yosungira zakale ku Chichiri mu Blantyre kuli injini ya sitima yamalasha ndi galimoto yozimitsira moto, ndipo palibe amati pochita zimenezo tikupembedza azungu. Chodandaulitsa n'chakuti tikamakamba za galimoto za mbiri, pakamwa pathu pamangobwera Rolls-Royce yofiira ya Kamuzu. Imeneyo ili ndi malo ake, koma inanyamula munthu mmodzi. Pikapu yomwe inanyamula maliro a mudzi wonse kwa zaka 30 ili ndi nkhani zambiri kuposa iyo, ndipo ndi yomwe ilibe woiteteza.

Tsopano nditembenukire kwa anzanga omwe tili mbali imodzi, chifukwa ena mwa iwo magaziniyi yawasokoneza. Ataona zonyezimira zija akuti zathu kuno zinaonongeka, sizoyenera kusunga. Akuloza 404 yomwe inaikidwa injini ya Toyota, Land Rover yoyendera dizilo ya Nissan, kumbuyo kwa matabwa a mlombwa, mpando wokutidwa ndi chitenje, chitseko chotsekedwa ndi loko wa nyumba. Akuti galimoto yeniyeni yakale ndi yomwe bawuti iliyonse ndi ya kufakitale. Apa ndikukana kwamtuwagalu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Zigamba zimenezo ndiye mbiri yomwe tikuikambayo. Injini ya Toyota ili mu Peugeot ikutiuza za chaka chomwe masipeya a ku France anasowa, ndi za munthu amene anakhala pansi n'kuyeza, kudula ndi kuwotcherera mpaka zinthu ziwiri zosabadwira pamodzi zinagwirizana. Ntchito imeneyo ndi yovuta kuposa kuitanitsa chitsulo chatsopano pa intaneti. Ilala yomwe ija injini zake zinasinthidwa, koma ikadali Ilala. Ku Cuba, galimoto za ku America zitasiya kulowa pambuyo pa kusintha kwa boma kwa 1959, eni ake anazisunga poikamo injini ndi zitsulo za galimoto zina, ndipo lero alendo amalipira kuti akwere zomwezo mumzinda wa Havana. Ngakhale kwa eni magaziniwo maganizo akusintha: mu 2024, pachionetsero chotchuka cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti ya 1934 yomwe sinakonzedwe kuti ioneke yatsopano, yooneka zipsera zake zonse. Ndiye ife tichitirenji manyazi ndi zipsera zathu? Konzani mabuleki, konzani chiwongolero, phani dzimbiri, koma dzina la malemu lomwe linalembedwa pachitseko ndi mawu aja a kumbuyo musawafute ndi penti.

Poti ndatchula Havana, ndichenjezeretu: tisadzinamize kuti alendo adzakhamukira ku Senga Bay chifukwa cha Datsun. Amabwerera nyanja. Land Rover yakale yowatengera kumalo osungira nyama a Kuti kapena kudoko m'mawa ingawonjezere kenakake m'thumba la mwini wake, basi. Wodzutsa galimoto n'cholinga cholemera adzakhumudwa.

Mfundo yotsiriza ya otsutsa ndi yakuti masipeya kulibe, ndiye zonsezi n'kulota. Pang'ono akunena zoona. Mukalowa m'sitolo ya masipeya ku Salima lero mupeza za Toyota ndi Nissan za ku Japan, ndipo mnyamata wogulitsa mwina 404 sanaionepo. Koma kusowa pa Kamuzu Road si kusowa padziko. Zitsulo za Land Rover zakale zikupangidwabe ku England ndi makampani oima paokha. Peugeot 504 inapangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, kotero zitsulo zake zidakalipo m'maiko amenewo. Kapikapu ka Nissan 1400, m'bale wake wa Datsun, kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo ana athu ali ku Joni amabwera ndi katundu mwezi ndi mwezi. Volkswagen Beetle inasiya kupangidwa ku Mexico mu 2003 zitapangidwa zoposa 21 miliyoni. Zina, monga mabushi, magasiketi ndi mapaipi, amisiri athu amapanga okha. Koma nkhokwe yaikulu ya masipeya ndi ziphapha zomwezo. Si galimoto iliyonse yomwe ingadzuke. Chinyezi cha kunyanja kuno ndi masamba onyowa a mango zimadya chasisi mpaka kubooka, ndipo Land Rover yooneka bwino kunja imatha kukhala yowola pansi chifukwa chasisi yake ndi yachitsulo wamba. Yotereyo isakakamizidwe kubwerera pamsewu, ingaphe munthu. Ntchito yake ndi kupereka ziwalo kwa inzake. Ziphapha zitatu zimatha kutulutsa galimoto imodzi yoyenda. Tsono amene akuti tidule chifukwa masipeya kulibe, ndi yemweyo akuchititsa kuti masipeya asowe.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba n'chosavuta: amene ali ndi galimoto yotere aichotse pansi pa mtengo, aiike pamthunzi wouma. Chachiwiri, alembe. Ambiri mwa madalaivala ndi amakaniko omwe anagwira galimotozi ali ndi moyo, akhala pakhonde ku Chipoka, ku Khombedza, ku Linga, ndipo foni iliyonse lero imajambula mawu. Afunseni kuti inagulidwa kuti, inanyamula chiyani, inafera pati ndipo anaidzutsa bwanji. Galimoto yopanda nkhani yake imatsala theka. Chachitatu, sukulu za ntchito zamanja ndi magalaja akuluakulu atenge chimodzi mwa ziphaphazi chikhale chophunzirira, ophunzira achidzutse ndi manja awo m'malo mongojambula injini pabolodi. Khonsolo ya boma ikamakonza chionetsero cha zaulimi, ipatule kangodya koti galimoto ndi mathirakitala akale aimepo, ana awaone, eni ake adziwane ndi kusinthana zitsulo. Izi sizifuna bajeti, zimangofuna chingwe chotchingira ndi munthu wolengeza.

Koma chomwe chimagwetsa ambiri si injini, ndi mapepala. Galimoto zambiri zoterezi zili m'dzina la munthu amene anamwalira, bulubuku inadyedwa ndi chiswe kapena ili m'sutikesi ya mwana wina ku Lilongwe, ndipo abale sanagwirizanepo kuti mwini wake ndani. Munthu amatha kuwononga ndalama zake kudzutsa galimoto, tsiku lomwe yalira n'pomwe amalume ndi azakhali amatulukira kuti ndi ya banja. Ndiye musanagule ngakhale pulagi imodzi, khalani pansi ndi abale pamaso pa mwinimbumba ndi amfumu, mugwirizane, mulemberane. Fufuzani nambala ya chasisi ndi ya injini, muone ngati zikugwirizana ndi zomwe zili pamapepala, ndipo ngati injini inasinthidwa mukanene kuofesi ya Road Traffic kuti akonze m'kaundula pomwe mukusintha umwini. Chitani zimenezi mboni zodziwa komwe galimotoyo inachokera zikadali moyo, komanso dzinja lisanafike, chifukwa ogula zitsulo aja mapepala safunsa.